Maliro a Aphunzitsi Semba

Kuseri kwa msika wa Bangula, mukadutsa chigayo n'kulowa kamsewu kafumbi kaja, kuli kakoleji ka Baibulo. Kakang'ono ndithu, mukhoza kukazungulira konse musanamalize kukukuta chimanga chootcha. Koma kumeneko kuli munthu wamkulu, makamaka m'maganizo mwake: Aphunzitsi Edmund Semba. Dzuwa la kuchigwa kuno likamaotcha mpaka abuluzi kupempha madzi, iwo ali mu suti ndi tayi, thukuta chuchuchu, batani la pakhosi osamasula.

A Semba ankaphunzitsa za ubusa: kuyendera odwala, kuyanjanitsa mabanja, kuyendetsa mwambo wa maliro. Ndiye chaka chino kulikulu la mpingo ku Blantyre kunaomba mphepo yatsopano. Akuti phunziro lililonse lionetse poyera kuti wophunzira akatuluka m'kalasimo amatha kuchita chiyani. Za malikisi a papepala ayi, zimenezo munthu amaloweza lero n'kuiwala mawa. Achite, anthu aone ndi maso. Phunziro lolephera kuonetsa zipatso lidulidwa, mphunzitsi wake akaone zina.

Aphunzitsi a nyimbo sanadandaule, ana aimba basi. A mbiri ya mpingo nawo anangoseka. Koma kutonthoza munthu mungakuyeze bwanji? Pa sikelo ya thonje? Mphekesera zinali zitayamba kale kuti phunziro la a Semba ndilo liyambe kugwa, ndipo eni ake abwerere ku pulayimale ya ku Marka komwe anachokera, azikaphunzitsa a e i o u pansi pa mtengo. A Semba akaganiza za suti yawo pansi pa mtengo uja, chakudya chinkakana kutsika.

Tsiku lina analowa m'kalasi nkhope ikuwala.

“Tichita maliro,” anatero.



“Wamwalira ndani, aphunzitsi?” anafunsa Thandizo, mtsikana wa kwa Malemia amene ankalemba chilichonse chotuluka pakamwa pa a Semba, ngakhale kuyetsemula.

“Palibe wamwalira. Awa ndi maliro a mayeso. Woyesa akabwera kuchokera kulikulu, inu muyendetsa mwambo wonse nokha, kuyambira pemphero loyamba mpaka Amen womaliza. Chancy, iwe ulalikira.”

Chancy anali mnyamata wa mawu ngati chimkuzamawu cha pamsonkhano. Anakweza dzanja.

“Nanga mbiri ya malemu titani? Munthu wopanda dzina salirika.”

“Pekani dzina.”

“Dzina lopeka silitulutsa misozi, aphunzitsi. Tingotenga Dennis, ndi woonda kale.”

“Ufe ndiwe!” anakuwa Dennis ali kumbuyo. “Ine ndili ndi chibwenzi, ndili ndi tsogolo!”

Anayesa uyu, wakana. Anayesa uyo, akuti amalume ake akamva kukhala nkhani. Palibe ankafuna dzina lake litchulidwe pambali pa bokosi. A Semba anapukusa mutu momvetsa chisoni.

“Zaka zonsezi mukuwerenga Baibulo, mukuopabe malodza? Chabwino. Tchulani ine.”

Ana anaomba m'manja, kuti koma aphunzitsi athu chikhulupiriro ali nacho. Musapusitsidwe. A Semba anali atayenda maliro ambiri, ndipo ankadziwa kuti mawu okoma onse amene anthu amaumira munthu ali moyo amakhuthulidwa tsiku limenelo, mwini wake makutu atatseka. Iwo anafuna kulawako akadali ndi makutu.

Kenako anawonjezera, pongofuna kuwaopseza:

“Pamaliro enieni pamagwa zosayembekezeka. Woledzera, achibale okangana, wina kukomoka. Mwina ndikutcherani msampha, mwina ayi. Chigwe chilichonse, mwambo usaime. Mwamva?”

“Tamva, aphunzitsi!”

Msampha panalibe. Anangolankhula kuti zimveke bwino.

Woyesa uja anafika tsiku lotentha kwambiri, a Pulinsipolo atapita kumsonkhano ku Nsanje. Anali Mayi Prudence Kalinde, amagalasi, botolo la madzi kudzanja ili, fayilo kudzanja linalo. Atangotsika galimoto anayamba kudzikupiza ndi fayiloyo.

“Inu mumakhala bwanji kuno? Kwanu ndi konkuno, a Semba?”

“Ee, mayi, ndi konkuno.”

“Makolo alipo?”

“Bambo anatisiya kale. Mayi alipo, ali ndi bizinesi yawo m'tauni muno.”

Bizinesi inalipodi. Mayi Esinala ankagulitsa milamba yowamba pamsika wa Bangula, pamzere wa kumapeto pafupi ndi oyimika njinga. Milamba imeneyo ndiyo inagula yunifolomu ya Edmund, mabuku a Edmund, ndi suti yoyamba ya Edmund. Koma pakolejipo sanapondepo. Mwana wawo anawauza kalekale, mwaulemu wake, kuti asamavutike kuyenda padzuwa, iye azibwera yekha kunyumba Lamulungu lililonse. Mayi Esinala sanali wogona, anamva zimene zinali pansi pa mawuwo. Utsi wa nsomba suchoka m'chitenje, ndipo Chichewa chawo chimatsetsereka n'kugwera m'Chisena asanamalize chiganizo. Anangovomera kuti, “Pyadidi, mwananga,” osabwerako.

Mayi Kalinde anatsegula fayilo.

“Lamulo ndi limodzi. Ine ndi inu tikhala mkati, tizionera pazenera. Mphunzitsi akangoonekera kwa ophunzira mwambo usanathe, kaya kutuluka, kaya kukodola, kaya kutsokomola kwadala, mayeso afa. Ndikanena kuti ana sangathe okha. Tamvana?”

“Palibe vuto, mayi.”

Anakhala m'kachipinda ka mabuku, kuseri kwa katani. Zenera linali lotsegula pang'ono, ndipo panja pomwepo, pansi pa mtengo wa nimu, ana anali atakonza zonse. Bokosi lalitali losungiramo kiyibodi ya kwaya analidzaza mabuku a nyimbo kuti lilemere, n'kulifunditsa nsalu yoyera. Pamwamba maluwa. Atsikana mipango kumutu atakhala pamphasa, anyamata mbali inayo pamabenchi. Nyimbo itayamba, ngakhale a Semba tsitsi linawayenda.

Dennis anaimirira kuwerenga mbiri ya malemu.

“Malemu Edmund Semba anali mtengo waukulu umene tonse tinkausapo.”

A Semba anagwedeza mutu kuseri kwa katani. Zoona zimenezo.

“Malemu anali munthu wosadziwa kutentha. Ena amati anabadwa ndi tayi.”

Mayi Kalinde anatseka pakamwa ndi dzanja. A Semba anakumbukira kuti adzamuone Dennis mawa.

“Koma koposa zonse, malemu anali wodzichepetsa.”

Pamenepo a Semba anamukhululukira.

Ali mkati momva kukoma, anaona chinthu chachilendo kumsewu. Bambo wina amene ankadutsa panjinga anatsika, navula chipewa, n'kuyamba kukankha njingayo. Wina wobwera pambuyo pake chimodzimodzi. A Semba anasuzumira bwino. Pamsewu panali nthambi za masamba aziwisi, mzere umodzi kumtunda, wina kumunsi, monga timachitira pakagwa maliro kuti odutsa apereke ulemu.

“Mwaika ndi masamba omwe?” ananong'ona Mayi Kalinde. “Izi ndiye kukonzekera.”

“Timaphunzitsa zonse, mayi,” anayankha a Semba, amene ankawaona masambawo koyamba. Ntchito ya Chancy imeneyo. Zinalidi m'zimene anawaphunzitsa.

Ndiye panatulukira wa kabaza wina wa malaya ofiira. A Semba anamuzindikira: Fernando, amene amanyamula madengu a nsomba a mayi awo. Fernando anatsika pamasamba paja, chipewa m'manja, nayandikira kumpanda kuti amve. Nthawi yomweyo Dennis anakweza mawu: “Aphunzitsi Edmund Semba, pitani bwino!”

Fernando anagwira kumutu. Anatembenuza njinga, osakankhanso, anaidumphira n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi.

A Semba anadziwa kumene Fernando akuthamangira. Koma pomwepo Thandizo anali ataimirira kuchitira umboni mmene malemu anamusinthira moyo, ndiye anati amve kaye zimenezi.

Anthu anayamba kufika. Amayi a nyumba zoyandikana, zitenje zomangidwa mofulumira, ankalowa pachipata ali chete n'kukhala pamphasa. Azibambo ankavula zipewa n'kukhala pansi kumbuyo kwa mabenchi. Palibe anafunsa zambiri. Masamba ali pamsewu, bokosi lili apo, nyimbo ikumveka, ufunsenso chiyani? Ophunzira anangoyang'anana: msampha uja ndi umenewu. Nyimbo anaikweza.

M'thumba la a Semba foni inayamba kunjenjemera. Inasiya. Inayambanso. Anaisolola pang'ono pansi pa tebulo. Pagulu la abale a ku Marka panali chithunzi chawo, chija anajambulitsa atanyamula Baibulo pachifuwa, wina atachiikira kandulo pambali. Pansi pake amalume awo a Sebastiano anali atalemba kuti akusaka lole. A Semba anaibweza foni m'thumba mwakachetechete ngati akubweza njoka.

“Anthu onsewa munawauza?” anafunsa Mayi Kalinde.

“Anthu a kuno ndi ogwirizana, mayi.”

Chancy anatsegula Baibulo. Anali atangotchula mutu wa ulaliki pamene mawu ena anamveka kuchokera kutali, kumbali ya chigayo. Mawu aatali, osweka, okwera n'kugwa.

“Mwananga iwee! Edi wanga iwee! Wandisiya na ani ine?”

A Semba anawadziwa mawuwo asanamve n'komwe zimene akunena. Ndi mawu amene ankawaitana madzulo ali mwana akachedwa kudambo. Anawamvanso tsiku lina, kalekale, pamene bwato la bambo awo linabwerera lopanda mwini.

Mayi Esinala anatsika njinga ya Fernando isanaime. Patapata mmodzi anatsala pamsewu. Mpango unali utagwa, tsitsi la imvi lili pamtunda. Anathamanga chopunthwa kudutsa pachipata chimene anali asanalowepo chiyambire, anadzigwetsa m'fumbi, nagubuduka, nakwawa mpaka anafika pabokosi n'kulikumbatira. Amayi a pamphasa, amene ankangosisima, anatsegula kukhosi onse pamodzi.

“Koma a Semba!” Mayi Kalinde anavula magalasi. “Mayi ameneyu mwamupeza kuti? Ndayenda m'makoleji ambiri, zotere sindinazione. Akulira ngati anabereka yekha.”

A Semba anasuzumiranso pazenera. Anayang'ana fayilo ili pamiyendo ya Mayi Kalinde. Anayang'ana cholembera.

“Ndi... ndi mayi wina wa pamsika.”

“Mukamuuze kuti amatha.”

Panja paja palibe wophunzira ankadziwa kuti a Semba mayi awo ndi ati. Akanadziwira kuti? Dennis anakodola mnzake ndi chigongono: “Si mayi wa milamba uja? Aphunzitsi amulemba ganyu! Koma nde akuigwira.”

Mayi Esinala anayamba kukoka nsalu yoyera ija.

“Tsegulani ndimuone. Tsegulani, ndione nkhope ya mwananga!”

Chancy sanatekeseke. Anatsika pang'ono, mawu anawafewetsa, dzanja limodzi pachifuwa.

“Mayi, khazikani mtima pansi. Nkhope tiona ulaliki ukatha. Ndilo dongosolo.”

Mawu amenewo anali a a Semba, liwu ndi liwu. Ngakhale dzanja la pachifuwalo linali lawo.

Thandizo anadzuka pamphasa. A Semba anaganiza kuti mwina mwanayu wazindikira, awanong'oneza. Koma Thandizo anangokhala pansi m'fumbi momwemo pambali pa mayiwo, anawamanga bwino chitenje chimene chinkamasuka, n'kuwagwira paphewa. Osalankhula kanthu. Ndi zimene a Semba ankabwereza chaka chonse: wolira usamutseke pakamwa ndi mavesi, usathamangire kumuuza nkhani, khala naye pansi.

Cholembera cha Mayi Kalinde chinali pa liwiro.

“Mtsikana uyu ndiye wamaliza zonse,” anatero. “Mwaphunzitsa, a Semba. Mwaphunzitsa.”

A Semba anapezeka ataimirira. Sanadziwe kuti aimirira liti.

“Mukupita kuti?” Mayi Kalinde sanadzutse n'komwe mutu. “Mnyamatayu wangolowa kumene mfundo yachiwiri.”

Chitseko chinali pomwepo, dzanja likanachifika. Kuseri kwa chitsekocho kunali mayi awo m'fumbi. Kuseri kwakenso kunali mtengo wa ku Marka uja, ana a mamina, choko, ndi anzawo akale akufunsa kuti, aphunzitsi a ku koleji, mwabwerera?

Anakhala pansi.

Ulaliki wa pamaliro ndi mfundo zitatu, zazifupi, anadziuza. Ndinawaphunzitsa ndekha. Yatsala imodzi ndi theka. Mayi ndi olimba, anaona zambiri. Ndiponso ntchitoyi ikatha, ovutika ndi iwo omwe. Ndikuchitira iwo. Anadziuza zimenezi kangapo, ndipo ulendo uliwonse zinkamveka zopepuka kuposa poyamba.

Koma Chancy anali asanalalikirepo khamu lotere. Ataona anthu adzaza mpaka kumpanda, amayi akuyankha “Ee!” azibambo akuti “Zoona!”, mzimu wa ulaliki unamugwira. Mfundo yachiwiri inabereka ana. Anawo anabereka zidzukulu. Anavula jekete. Anapita kwa ofedwa a m'Chipangano Chakale, anawayendera mmodzimmodzi, nabwerera, napitanso. A Semba, amene moyo wawo wonse anapempherera zinthu zikuluzikulu, tsopano ankapempherera liwu limodzi lokha. Amen, Chancy. Amen, mwana wa munthu iwe.

Kulira kwa Mayi Esinala kunayamba kusasa. Kenako kunatsika. Kenako kunatha, ndipo apa ndiye panafika poipa, chifukwa anayamba kulankhula ndi bokosi. Tsaya analitsamiritsa pansalu, dzanja likusisita pamwamba pake ngati akugoneka khanda. Bokosilo linali pafupi ndi zenera. Ankalankhula m'Chisena, motsitsa, ndipo a Semba anamva liwu lililonse.

Ankaliuza bokosilo kuti mlamba wa Lamulungu anaupatula kale, waukulu, wamafuta, anaubisa pansi pa dengu kuti ogula asauone. Ankalifunsa ngati linadwala, nanga bwanji osatuma munthu. Kenako anati: “Unati ndisamabwere kuno, mwananga, ndipo sindinabwere. Lero lokha ndabwera. Usakwiye. Ndabwera mmene ndinalili, sindinasinthe chitenje. Undikhululukire.”

“Akuti chiyani?” anafunsa Mayi Kalinde. “Chisena ine chimandidutsa.”

“Akungolira, mayi.”

Thukuta linkatsika m'khosi mwa a Semba kulowa m'kolala. Maso anawaloza pansi, pa nsapato zawo zopolishidwa bwino. Ankatha kudziona nkhope pansonga pake, ndipo anabweza mapazi pansi pa mpando.

“Mfundo yanga yomaliza,” anatero Chancy panja, ndipo anthu amene amadziwa alaliki anakhazikika bwino.

Zonse zimatha, ngakhale ulaliki wa Chancy. Anatseka Baibulo, anapemphera pemphero lofika kumayiko a kutali, ndipo pamapeto pake, mokoka ngati akulimva kukoma, anati, “Aaa-men.”

“Amen,” linayankha khamu.

Mayi Kalinde anatseka fayilo. A Semba anali atafika kale pakhomo.

Woyamba kuwaona anali mayi wina wa mwana kumbuyo. Anayang'ana a Semba, anayang'ana bokosi, anayang'ananso a Semba.

“Mayoo! Mzukwa!”

Zimene zinachitika pamenepo anthu a ku Bangula azidzazikamba mpaka kalekale. Mabenchi anagwa. Njinga zimene zinatsamiritsidwa kumpanda zinagwerana ngati mapesi. Mkulu wina amene anabwera akutsimphina ndi ndodo anadumpha mpanda, ndodo n'kuisiya. Fernando anathawa ndi njinga ya eni ake. Ophunzira ankakuwa kuti, “Ndi mayeso! Ndi mayeso chabe!” koma munthu amene waona malemu atavala tayi akubwera samva Chichewa.

Mayi Esinala okha sanathawe. Anadzuka pang'onopang'ono, Thandizo akuwachirikiza. Fumbi linali kumaso konse, misozi itajambulamo tinjira. Anayandikira. Anagwira tsaya la mwana wawo. Anagwira khutu, nalitsina. Anaika chikhatho pachifuwa pake n'kudikira mpaka anamva kugunda.

“Edi?”

“Ndine, amayi.”

Mayi Esinala anakhala pansi, n'kuseka kuseka kosamveka bwino, kosakanizika ndi kulira. Anagwira mwendo wa buluku la mwana wawo osausiya. “Takhuta, Mulungu. Takhuta,” ankathokoza m'Chisena. Ndipo a Semba analakalaka nthaka itangotseguka pomwepo, chifukwa ankadziwa kuti chisangalalo chimenechi chili ndi mafunso kumbuyo kwake.

Mayi Esinala anatembenukira bokosi. Anakoka nsalu, anatukula chivundikiro. Mabuku a nyimbo, ena opanda zikuto. Anatola limodzi, analitembenuza, analibwezera bwinobwino pamalo pake.

Thandizo anali atagwira pakamwa.

“Aphunzitsi... awa ndi mayi anu? Enieni?”

A Semba asanayankhe, Mayi Kalinde anatulukira akuomba m'manja, nkhope yonse mano.

“Mayi, zikomo kwambiri! Mwaigwira ntchito. Ine ndemwe misozi inatsala pang'ono kugwa.” Anatambasula dzanja.

Mayi Esinala analiyang'ana dzanjalo.

“Edi, awa mbani? Akuthokoza chiyani?”

Kumwetulira kwa Mayi Kalinde kunayamba kuzima. Anayang'ana nkhope ya mayiwo, anayang'ana ya a Semba. Mphuno imodzi. Chipumi chimodzi.

“A Semba. Si munati ndi mayi wina wa pamsika?”

Anthu othawa aja anali atayamba kubwerera mmodzimmodzi, akusuzumira kumpanda. Ophunzira onse maso pansi.

“Sananame,” anatero Mayi Esinala m'Chichewa chomveka bwino. “Ndine wa pamsika.”

Anaimirira okha ulendo uno. Anakutumula chitenje, analandira mpango umene Thandizo anawapatsa, naumanga kumutu mosafulumira.

“Unali kuti?”

“M'chipinda umo, amayi. Anali mayeso a ana. Akulikulu anafuna kuona ngati...”

“Pazenera apo?”

“Ee.”

Mayi Esinala anayeza ndi maso kuchoka pazenera kufika pabokosi. Munthu akanatha kulavulira.

“Unandimva?”

“Ndinakumvani.”

“Kuyambira liti?”

Bodza linali pafupi, lokonzeka, lovala bwino. Koma Thandizo anali pomwepo, fumbi lili m'mawondo, akuyang'ana aphunzitsi ake.

“Kuyambira kuchigayo.”

“Zimene ndimalankhula ndi bokosi unazimvanso?”

A Semba anagwedeza mutu.

“Ndiye unkadikira chiyani, mwananga?”

Funsolo analifunsa mofatsa, ngati akufunadi kudziwa. Akanakuwa zikanakhala bwino. Akanawamenya ndi patapata watsala uja pamaso pa ophunzira onse, a Semba akanathokoza.

“Ndimadikira Amen.”

Mayi Esinala anangoti, “Oo.”

Mayi Kalinde anakonza kukhosi. Ankalankhula akuyang'ana fayilo yawo.

“Lamulo silinaphwanyidwe. Mphunzitsi sanaonekere mpaka mwambo unatha. Ophunzira achita zonse zimene anaphunzitsidwa, ndaona ndi maso anga. Phunziro lanu likhala, a Semba.”

Mawu amenewa a Semba anali atawalota kambirimbiri. M'malotomo ankagwirana chanza ndi woyesa, ana akuimba nthungululu. Apa palibe anaomba m'manja. Chancy yekha anayamba, anaomba kamodzi, ataona kuti ali yekha anapisa manja m'thumba.

“Mayi,” anatero Mayi Kalinde, mawu atatsika, “galimoto ilipo. Tikuperekezeni.”

“Nkhabe,” anakana Mayi Esinala. “Ndinganunkhitse mipando.” Anatembenuka. “Fernando! Wabwerako kothawa? Tiye. Nsomba ndazisiya pamtunda, agalu a pamsika sadziwa maliro.”

Fernando anabwera ndi njinga yake yeniyeni, maso akuwabera a Semba, osafuna kuwayandikira kwambiri. Mayi Esinala anagwira dzanja la Thandizo kanthawi, kenako anakwera chammbali pakampando ka kumbuyo.

“Amayi, ndibwera madzulo ano,” anatero a Semba. “Ndifotokoza bwino.”

“Uyambe wafotokozera amalume ako. Ali pa lole.”

Njinga inanyamuka. A Semba anakumbukira masamba aja. Anathamanga, suti, tayi, nsapato zopolisha, kudutsa njingayo, kukafika pamsewu, n'kuyamba kutola nthambi mwachangu ngati akubisa umboni.

“Asiye,” anatero Mayi Esinala. “Fernando, ima.”

Fernando anaima. Mayi Esinala anatsika. Anatola patapata wawo amene anatsala pamsewu uja, anamugwira m'manja pamodzi ndi mnzake, anakokera mpango kutsogolo, n'kuyamba kuyenda wapansi, pang'onopang'ono, mutu ataweramitsa, monga amayendera munthu podutsa pakhomo pamene pagwa zovuta. Fernando anavula chipewa n'kumakankha njinga pambuyo pawo. Anadutsa a Semba osawayang'ana. Anayenda choncho mpaka anapyola mzere wachiwiri wa masamba, ndipo pamenepo m'pamene anakweranso.

Kuchokera kumsika kunkabwera a kabaza ena awiri, atanyamula matumba a chimanga. Nkhani yonse anali ataimva kale, ankabwera akuseka. Koma ataona mmene mayiwo adutsira, kuseka kunatha. Anatsika, anavula zipewa, nakankha njinga zawo mwakachetechete kudutsa pamene Aphunzitsi Edmund Semba anaima pakati pa msewu, ali moyo, ntchito ili m'manja, nthambi ya nimu ili kudzanja linalo.